Lamotrigine pamwamba pa Epilim kwa mwana wa khunyu: tingadule piritsi la 25 mg?

Azakhali_a_ku_Ntcheu

Moni nonse. Ndikufunsira mwana wa achimwene anga, mnyamata wa zaka 6, pa sikelo amalemera makilogalamu 20. Ali ndi matenda a khunyu ovuta aja, m'buku lake la kuchipatala analemba kuti Lennox-Gastaut. Usiku amauma thupi ali m'tulo, masana amangogwa mwadzidzidzi ngati wina wamutchera mwendo. Phenobarbitone anakanika, carbamazepine anangochulukitsa kugwa mpaka anamusiyitsa chaka chatha. Pano akumwa sodium valproate, Epilim uja, 300 mg m'mawa ndi 300 mg madzulo, koma akugwabe.

Sabata ino a dokotala amuwonjezera lamotrigine, 2 mg kamodzi pa tsiku kwa masabata 2, kenako 4 mg. Ku famase tapezako mapiritsi a 25 mg okha. Kodi 2 mg angachite kanthu kwa mwana amene akugwa tsiku ndi tsiku, kapena a dokotala anafuna kulemba 25? Tingadule piritsilo panayi n'kumamupatsa kachidutswa kamodzi? Ndipo akayamba kumwa tiziyang'anira chiyani?

Wa_ku_famase

Azakhali, piritsilo musadule, ndipo a dokotala sanaphonye cholembera. 2 mg ndiye mlingo wake weniweni. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Mwana wa zaka 2 mpaka 12 amene akumwa kale valproate amayamba lamotrigine pa 0.15 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, pa tsiku. Wanuyo ndi makilogalamu 20, ndiye malire ake ndi 3 mg. Mapiritsi a ana amabwera a 2 mg ndi a 5 mg, ndipo chiwerengero chikagwera pakati timatsikira m'munsi, sitikwera. N'chifukwa chake alemba 2 mg. Tsopano onani kachidutswa kanu: 25 mg kugawa panayi ndi 6.25 mg, kuposa malire aja kawiri. Ndipo ndiye kuti mwadula ndendende, zomwe ndi lezala sizitheka. Kapiritsiko n'kakang'ono, kamanyenyeka, lero mwana alandira 4 mg mawa 9 mg inu osadziwa. Kusungunula piritsi m'madzi n'kumupatsako theka la madziwo nakonso ayi. Ufa wa mankhwalawo sufalikira mofanana m'madzimo, umakhazikika pansi pa kapu.

Chimene chikuchititsa zonsezi ndi valproate. Lamotrigine amachoka m'thupi kudzera m'chiwindi, ndipo valproate amachedwetsa ntchito imeneyo ya chiwindi. Munthu wamkulu amene sakumwa mankhwala ena, theka la lamotrigine limachoka m'magazi pakatha maola pafupifupi 30. Ndi valproate, pamatenga maola pafupifupi 70. Kwa mwana ndi maola 45 mpaka 50. Ndiye piritsi lililonse limapeza linzake la dzulo ndi la dzana lisanathe, n'kumaunjikana. Ngakhale valproate wochepa amachita zimenezi. Carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amachita zosemphana: amafulumizitsa chiwindi, moti mwa mwana theka la lamotrigine limatha m'maola 7 okha. Mwana wolemera chimodzimodzi ndi wanuyo, akanakhala pa carbamazepine popanda valproate, akanayamba pa 0.6 mg pa kilogalamu, kuchulukitsa kanayi. Choncho musatengere mlingo wa mwana wa mnzanu amene mumakumana naye pamzere wa kuchipatala. Ndipo mwana amene akumwa zonse ziwiri, valproate ndi carbamazepine, amatsatirabe ndondomeko yochedwa ya valproate.

Tikuwopa chiyani? Khungu. Lamotrigine akakwera msanga m'magazi masabata oyamba, chitetezo cha thupi chimatha kuukira khungu, n'kubwera matenda otchedwa Stevens-Johnson, amene khungu limachita matuza n'kumasupuka ngati lapsa ndi madzi owira. Zinthu zitatu n'zimene zimakulitsa chiwopsezocho: kuyamba ndi mlingo waukulu, kukweza mofulumira, ndi kumwa limodzi ndi valproate. Ana amagwidwa kwambiri kuposa akuluakulu. Mwana wanuyo ali kale ndi ziwiri zimene sitingazisinthe, msinkhu ndi valproate. Zimene zili m'manja mwanu ndi poyambira ndi liwiro.

Mwafunsa ngati 2 mg angachite kanthu. Pa kugwa, ayi, ndipo musayembekezere. Masabata oyambawa ndi ozoloweretsa thupi basi. Mlingo wogwira ntchito kwa mwana wa pa valproate uli pakati pa 1 ndi 5 mg pa kilogalamu, kwa wanuyo ndiye 20 mpaka 100 mg pa tsiku, ndipo kumeneko amafikako pokwera masitepe osapitirira 0.3 mg pa kilogalamu, 6 mg kwa iyeyu, sabata imodzi kapena ziwiri zilizonse. A dokotala akasankha kukwera pa masabata awiriawiri, ulendo wake ungaoneke chonchi: sabata 1 ndi 2, 2 mg, sabata 3 ndi 4, 4 mg, sabata 5 ndi 6, 10 mg, kenako 15 mg, kenako 20 mg, ndipo 25 mg amafikapo cha m'sabata ya 11. Mapiritsi mwawapezawo ntchito yake idzayamba pamenepo. Onani tsiku lothera mphamvu pa paketi, muwasunge.

Chimene mabanja ambiri amaiwala n'kuwerengeratu katundu. Pa ndondomeko imeneyi mukufunika mapiritsi a 2 mg okwana 14 kuphatikiza 28, onse 42. A 5 mg ndi 28, 42 ndi 56, onse 126. Musayambe muli ndi a sabata imodzi yokha n'kumati ena tidzapeza. Kuchedwa kuyamba ndi masabata awiri mukusakasaka mapiritsi oyenera n'kwabwino kuposa kuyamba n'kudukiza pakati. Bwererani kwa a dokotala muwauze kuti a 2 mg sakupezeka. Nthawi zina a 5 mg amapezeka msanga, ndipo popeza mankhwalawa amakhalitsa m'magazi a mwana wa pa valproate, a dokotala angathe kulemba 5 mg modumphitsa tsiku, zomwe zimakwana 2.5 mg pa tsiku. Koma zimenezo alembe okha m'buku, si zopangana pakhomo.

Kamwedwe kake: mapiritsi ang'onoang'onowa ndi otafuna kapena osungunula. Ikani piritsi lathunthu pa sipuni ya tiyi, thirani madzi ongokwanira kulimiza, dikirani mphindi imodzi, mwana amwe zonse, kenako tsukuluzani sipuniyo ndi timadzi tina amwenso. Adye asadye, zilibe kanthu, bola ola likhale lomwelo tsiku lililonse.

Chomaliza, werengani dzina pa paketi chilembo ndi chilembo nthawi iliyonse mukakatenga. Lamotrigine ndi lamivudine zimafanana pakamwa ndi papepala, pamene lamivudine ndi ARV, ndipo m'mashelefu a kwathu kuno ndiye wodzaza. Lamictal, dzina la malonda la lamotrigine, amasokonezedwanso ndi Lamisil, amene ndi mankhwala a mafangasi a pakhungu ndi m'zikhadabo.

Kiliniko_wa_ana

A ku famase anena zonse za mlingo, ine ndikhale pa funso lachitatu, chifukwa ndi limene limapulumutsa moyo.

Nyengo yoopsa ndi masabata 8 oyamba, makamaka kuyambira sabata yachiwiri. Pa anthu khumi oyamba lamotrigine, pafupifupi mmodzi amatuluka zidzolo. Zambiri n'zopepuka. Koma mwa ana, pakati pa mmodzi mwa 300 ndi mmodzi mwa 100 amafika pogonekedwa m'chipatala chifukwa cha zidzolozo. Chovuta n'choti tsiku loyamba zopepuka ndi zoopsa zimaoneka chimodzimodzi, ngakhale kwa ife. Ndiye lamulo la pakhomo likhale limodzi: zidzolo zilizonse zikatuluka, piritsi lotsatira la lamotrigine lisamwedwe, mwana aonedwe kuchipatala tsiku lomwelo. Valproate apitirize. Mankhwala a khunyu sitisiya mwadzidzidzi, koma apa mpamene lamulolo limapatuka.

Muzimuvula malaya tsiku lililonse pomusambitsa, masana pali kuwala, osati usiku ndi tochi ya foni. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka bwino. Yang'anani timadontho toderapo kapena totuwa, ndipo papasani ndi dzanja, totupa timamveka tisanaoneke. Yambani kumaso, pakhosi, pachifuwa ndi kumsana. Kenako mutsegule kukamwa. Izi ndiye zothamangira ngakhale pakati pa usiku: zilonda m'kamwa kapena pamilomo, maso ofiira otuluka manthongo, kulira pokodza kapena zilonda kumaliseche, matuza, khungu lopweteka akaligwira osati longoyabwa, nkhope yotupa, mwanabere m'khosi kapena m'khwapa.

Kutentha thupi nthawi zambiri kumatsogola, zidzolo n'kubwera patapita tsiku limodzi kapena atatu. Apa mpamene kwathu kuno zimasokonekera. Mwana watentha thupi, tonse timaganiza malungo. Watuluka zidzolo, agogo akuti chikuku kapena katsabola, timudikire zituluke zonse. Mwana akupitiriza kumwa piritsi masiku anayi ena, ndipo masiku amenewo ndi amene amasiyanitsa zidzolo zopola ndi khungu losupuka. Malungo ayezedwe ndithu, koma amene akumuonayo mumuuze ndi pakamwa panu kuti mwanayu wayamba lamotrigine pa deti lakuti. Musadalire kuti awerenga tsamba lakumbuyo m'buku.

Palinso mitundu ina ya ziwengo za mankhwalawa imene khungu silikhala patsogolo. Wina umagwira chiwindi, impso ndi magazi: kutentha thupi kosatha, mwanabere, maso achikasu, mkodzo woderapo. Wina, wosowa kwambiri koma wakupha, bungwe loyang'anira mankhwala la FDA la ku America linachenjeza za iwo mu 2018: chitetezo cha thupi chimalusa n'kumawononga maselo a magazi, mwana amatentha kwambiri, amatuwa, amatuluka magazi m'nkhama kapena mikwingwirima popanda kugunda paliponse. Kawirikawiri umabwera m'mwezi woyamba. Ndipo mutu waukulu, khosi louma, kusanza ndi kudana ndi kuwala zingachokerenso ku lamotrigine, ngakhale kuti mwana wotere timayamba tamuyesa wa meninjaitisi mpaka titatsimikiza.

Mfundo ina imene mabuku a kunja saikamba kwambiri: kuno tili ndi mankhwala ena ofala amene nawonso amabweretsa Stevens-Johnson. Bakitirimu ndiye woyamba. Fansida ndi nevirapine alinso m'gulu lomwelo, pamodzi ndi carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amene. M'masabata 8 amenewa mwana asapatsidwe bakitirimu wogula pa golosale chifukwa cha chifuwa kapena kutsegula m'mimba. Zidzolo zikatuluka ali pa mankhwala awiri otere, palibe angadziwe wolakwa, ndipo mapeto ake timamusiyitsa onse awiri, mwana n'kutaya mankhwala amene mwina akanamuthandiza. Zitsamba zakumwa n'chimodzimodzi. Ngati carbamazepine uja anamutulutsapo zidzolo, a dokotala adziwe asanayambe, chifukwa mwana amene anachitapo ziwengo ndi mankhwala ena a khunyu amagwidwanso mosavuta. Ndipo amene wasiya lamotrigine chifukwa cha zidzolo zoopsa sabwereranso pa mankhwalawa moyo wake wonse. Zilembedwe pachikuto cha buku ndi zilembo zikuluzikulu.

Zina n'zosaopsa kwenikweni koma zimasonyeza kuti mlingo wakwera kuposa mmene thupi lingathere: chizungulire, kudzandira, kuona zinthu ziwiriziwiri, maso ogwedezeka okha, kusanza. Kunjenjemera manja n'kofala lamotrigine akakumana ndi valproate. Zimenezi mukanene, a dokotala amatsitsa sitepe imodzi. Ana ena amasowa tulo kapena amalusa. Ngati mwanayo ali ndi vuto la mtima lodziwika, nalonso linenedwe asanayambe.

Za chiyembekezo, ndinene mosabisa. Matendawa, amene anatchedwa maina a madokotala awiri, William Lennox wa ku Boston ndi Henri Gastaut wa ku Marseille, sagonja kwathunthu kawirikawiri. Pa kafukufuku wamkulu wa mu 1997, wa odwala 169, mmodzi mwa atatu amene analandira lamotrigine kugwa kwake kunatsika ndi theka kapena kuposa, pamene mwa amene analandira piritsi lopanda mankhwala anali pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi mmodzi. Mwana amene amagwa kakhumi pa sabata akafika pa kanayi, mankhwalawo agwira. Zoti carbamazepine anachulukitsa kugwa n'zodziwika pa matendawa, sizodabwitsa.

Koma pali mtundu wina wa khunyu, Dravet, umene lamotrigine amaukulitsa. Umayamba mwana asanakwanitse chaka, ndi kukomoka kwa nthawi yaitali akatentha thupi, nthawi zina mbali imodzi lero, mawa mbali inayo. Ngati mbiri ya mwanayu inayamba choncho, kapena mukaona kuti chiyambireni lamotrigine kugwa ndi kudzidzimuka kwa manja kwachuluka, musadikire tsiku la sikelo, bwererani. Kupima ubongo ndi EEG, monga amachitira ku Queens ku Blantyre, kumathandiza kusiyanitsa.

Azakhali_a_ku_Ntcheu

Zikomo kwambiri nonse awiri, lezala ija ndabweza. Ndifunsenso. Akasanza atangomwa, kapena tikaiwala, timupatsenso? Nanga mankhwala akatithera kwa masiku angapo? Komanso bambo ake akuti lamotrigine akakhazikika tidzasiye Epilim chifukwa ndi wodula.

Wa_ku_famase

Akasanza mphindi 30 zisanathe, mupatseni mlingo womwewo kachiwiri. Zikadutsa mphindi 30, musiyeni, mankhwala alowa kale. Mukaiwala: pamene akumwa kamodzi pa tsiku, mupatseni mukangokumbukira, bola kwatsala maola 12 kapena kuposa kuti nthawi yotsatira ikwane. Akadzafika pomwa kawiri pa tsiku, muli ndi maola 4 okha ochedwera, akadutsa dumphani. Kuphatikiza milingo iwiri kuti mubweze ya dzulo, ayi.

Mankhwala kutha ndiye nkhani yaikulu, ndipo apa mpamene anthu amene anayamba bwino amavulalira. Kuzolowera kumene thupi linaphunzira m'miyezi itatu ija kumatha mankhwala akachoka m'magazi. Mwana amene anali pa 50 mg, wakhala masabata awiri osamwa, n'kumubwezera pa 50 mg tsiku limodzi, ndiye kuti mwamuyambitsa mwatsopano ndi mlingo woposa malire kakhumi ndi kasanu n'kupitirira. Timawerengera nthawi imene theka la mankhwala limachoka, kuchulukitsa kasanu. Kwa mwana wa pa valproate ndi masiku 9 kapena 10. Kwa wa pa carbamazepine kapena phenobarbitone ndi tsiku limodzi ndi theka basi. Nthawi imeneyo ikadutsa, amayambiranso pansi, pa 2 mg paja. Inu musavutike ndi masamu: akadumpha masiku opitirira awiri, funsani kaye musanamupatse. Ndipo kukatenga ena kuzichitika mutatsala ndi a masabata awiri, osati paketi itapepuka.

Za Epilim, bambo akewo awuzidwe kuti mankhwala awiriwa amangiriridwa pamodzi. Mukachotsa valproate, mwataya zinthu ziwiri nthawi imodzi: chitetezo cha valproate mwini, komanso lamotrigine amayamba kuchoka m'magazi mofulumira kawiri, mlingo womwewo n'kusanduka ngati theka. Mwana angakomoke kosalekeza. Ngati ndalama zavuta, akanene kuchipatala, kusinthako kuchitike pang'onopang'ono lamotrigine akukwezedwa. Chimodzimodzi kumbali inayo: munthu amene wakhazikika pa lamotrigine yekha akamuwonjezera valproate, lamotrigine amayenera kutsitsidwa pafupifupi ndi theka.

Mankhwala ena amene amasuntha mlingo: rifampicin wa m'mankhwala a TB amatsitsa lamotrigine kwambiri, ndipo akamaliza miyezi 6 ija mlingo umakweranso wokha, ndiye poyamba ndi pomaliza pomwe a dokotala a khunyu adziwe. Pa ma ARV, lopinavir ndi ritonavir amatsitsa lamotrigine ndi theka, atazanavir amatsitsako pang'ono. Dolutegravir, amene ambiri akumwa masiku ano, sakangana ndi lamotrigine. Amene amafooketsa dolutegravir ndi carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone. LA wa malungo angamwe. Meropenem, jakisoni wa m'chipatala wa matenda aakulu, amagwetsa valproate m'magazi m'masiku awiri okha, ndiye mwanayu akagonekedwa, muwakumbutse a mu wodi. Akatentha thupi mupatseni panado, osati asipirini.

Kwa ena owerenga amene wodwala wawo ndi mtsikana wotha msinkhu kapena mayi: mapiritsi olera a mahomoni awiri, monga Microgynon, amatsitsa lamotrigine pafupifupi ndi theka, ndipo sabata yopuma ija mankhwala amakweranso. Pathupi napo pamatsitsa lamotrigine kwambiri, akabereka n'kukwera msanga m'masabata oyamba. Valproate ndiye woopsa kwa mwana wa m'mimba: pafupifupi mmodzi mwa khumi amabadwa ndi chilema, ndipo atatu kapena anayi mwa khumi amachedwa kukula nzeru. Koma mayi amene wazindikira kuti ali ndi pakati asasiye yekha, apite kuchipatala sabata yomweyo.

Namwino_wa_mu_wodi

Pa zosanza zija ndiwonjezerepo pang'ono, a ku famase. Lamulo la mphindi 30 ndi la kusanza kamodzi. Mwana wa pa valproate akamasanza mobwerezabwereza, akumva m'mimba kupweteka kwambiri, wafooka, akungogona, kapena kugwa kwabwerera mwadzidzidzi, musamangobwereza piritsi. Valproate amatha kuvulaza chiwindi ndi kapamba, makamaka m'miyezi 6 yoyamba ndiponso kwa ana osakwana zaka 3. Wanuyo wapitirira msinkhu woopsa kwambiri, koma zizindikirozo muzidziwe. Kamfuno kobwerabwera ndi mikwingwirima nazonso zikanenedwe, amayeza magazi. Mapiritsi a Epilim amayamwa chinyezi, ndiye asamachotsedwe m'kapepala kake konyezimira mpaka nthawi yomwa, makamaka nyengo ya dzinja. Mapiritsi a Epilim okutidwa kunja aja saphwanyidwa.

Azakhali, gulani kope la sukulu. Tsamba lililonse sabata imodzi. Mulembe deti, mlingo wa tsikulo, ndi kachizindikiro pa kugwa kulikonse: mtanda pa kuuma kwa usiku, mzere pa kugwa kwa masana, kadontho pa kungoti duu maso ali gwa osayankha. Muyambe lero, lamotrigine asanayambe, kuti padzakhale poyerekezera. Popanda kope, pakatha miyezi itatu a dokotala akafunsa, mayi ake adzati kwachepa, bambo ake adzati n'chimodzimodzi, mlingo n'kusinthidwa mongoganizira. Masiku okweza mlingo muwazunguliretu pa kalendala. Ndipo wopereka mankhwala akhale munthu mmodzi. Pakhomo pa anthu ambiri mwana amamwa kawiri, wina m'mawa, wina pobwera ku munda poganiza kuti sanamwe. Mwana akamwa ochuluka mwangozi, kapena mng'ono wake akawapeza, pitani kuchipatala ndi paketiyo ngakhale akuoneka bwino, chifukwa lamotrigine wochuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo amakomola. Otafunawa amakoma ngati switi, ndiye asungidwe pokhoma.

Sikelo musaiiwale. Mlingo wa mwana umayendera kulemera, akamakula 1 mg pa kilogalamu ya chaka chino sikhalanso yokwanira chaka chamawa.

M'miyezi itatu yodikirayi adzakhala akugwabe, ndiye konzani pakhomo. Kugwa kwa mtundu umenewu sikuchenjeza, ndipo kumaso ndi chipumi n'zimene zimalandira. Chipewa cholimba cha okwera njinga chimateteza mutu, chokhala ndi chotchinga kuchibwano chimaposa. Asakhale pafupi ndi mbaula kapena mafuwa, asasambe yekha ngakhale m'beseni, asapite yekha ku chitsime kapena ku mtsinje. Ambiri amene timawalandira atapsa anagwera pamoto anthu akuonerera, poopa kuti malovu kapena mpweya wa wodwala uwapatsira. Khunyu sapatsirana. Auzeni a pakhomo ndi aphunzitsi ake mpaka amve.

Akayamba kuphupha, yang'anani nthawi pa foni. Chotsani zinthu pafupi, ikani nsalu kumutu, mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke. M'kamwa musaike sipuni, chala, madzi kapena piritsi, ndipo musamupanikize. Zikafika mphindi 5 osasiya, kapena akakomoka kachiwiri asanatsitsimuke, ndi zothamangira kuchipatala. Mankhwala oyamba kumeneko ndi diazepam wa kumbuyo, 0.5 mg pa kilogalamu, kwa mwana wa makilogalamu 20 ndiye 10 mg, kabotolo kamodzi ka 2 ml. Timakoka ndi sirinji, n'kuchotsa singano, kulowetsa masentimita 4 kapena 5, n'kugwira matako pamodzi kwa mphindi zingapo kuti asatuluke. Ngati mumakhala kutali ndi chipatala, funsani a dokotala ngati angakuphunzitseni ndi kukupatsani woti muzisunga. Pakhomo ndi kamodzi kokha, kenako ulendo, chifukwa wachiwiri amatha kufooketsa kupuma ndipo amafuna pamene pali okosijeni. Mukafika akayeze shuga ndi malungo.

Kiliniko_wa_ana

Ndi zoona zimenezo. Kamodzi kokha ndiwonjezere pa diazepam: ana ena a Lennox-Gastaut akalandira wambiri, makamaka wa mumtsempha, m'malo moleka amayamba kuuma thupi mobwerezabwereza. N'zosowa, koma dzina la matendawo mulitchule pakhomo la wodi.

Palinso kukomoka kwina kosagwedeza thupi. Mwana amangokhala wosachangamuka, akutuluka dovu, akuyankha mochedwa, akulephera kutafuna, kwa maola kapena masiku. Pakhomo amati mankhwala atsopanowa amuledzeretsa, n'kuwasiya. Pa 2 mg kapena 4 mg lamotrigine saledzeretsa choncho. Mwana wotere aonedwe tsiku lomwelo, mankhwala onse ali m'manja.

Mukabwerera kukanena za mapiritsi a 2 mg, pemphani a dokotala akulembereni ndondomeko yonse ya masabata 12 m'buku, sitepe iliyonse ndi deti lake ndi chiwerengero cha mapiritsi, osati ma mg okha. Mufunsenso nambala yoimbira zidzolo zikatuluka Loweruka kapena Lamlungu.